Nyumba Zosamata za Nantchengwa

Nthano iyi ndinaimva koyamba pa kasiteshoni kena kutsidya kwa Zambezi, tikudikira sitima imene inachedwa mpaka tinaleka kuifunsa. Ndinali mnyamata ndithu, ndevu zikungoyamba kumene, katundu wanga yense ali m'thumba la feteleza. Pafupi nane panakhala mkulu wina wokhoma zidebe, dzina lake Zuze, wa ku Nsanje, koma amene anakhalitsa ku Bulawayo mpaka Chisena chake chinasakanikirana ndi zinenero zina. Tinagawana chinangwa chootcha. Patsogolo pathu, pamphanda ya msangu, panali chisa chachikulu ngati nkhokwe yoikidwa m'mwamba molakwitsa. Mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kumene ndikakhale ndikafika kumene ndinkapitako. Ndinati ndikaona konko. Iye anaseka pang'ono, natafuna chinangwa chake, nayamba kundiuza zimene ndikuuzeni inu madzulo ano.

Tsono manja asaime, chimangacho chithe kutonola mayi anu asanatuluke. Iwe Chiletso, sendera kuno, ukutchinga nyali.

Kale, dziko lisanapatule za anthu ndi za mbalame, mbalame zinkamanga pansi ngati ife. Zinali ndi midzi, minda ya mapira, maukwati ndi milandu yake. Zinkakwatirana mosayang'ana nthenga, wamiyendo yaitali ankatha kufunsira wamapiko akuthwa, akuluakulu n'kuvomera. Ntchito ya nyumba inali yogawana monga mumaonera kuno. Mwamuna ankadula nsichi, n'kuzika, n'kumanga ndi luzi, n'kukweza denga, n'kufolera. Akatsika pamwambapo, yake yatha. Mkazi ndiye ankaponda dothi, n'kumata zipupa, n'kuzira pansi. Ndipo mwambo unali wakuti mkazi akangomata, pamenepo pasanduka pakhomo, simuchokanso mwachisawawa. Isanamatidwe, ngakhale ikongole bwanji, inkatchedwa msasa basi, ndipo wapaulendo aliyense ankatha kulowamo osapempha.

Nantchengwa, uja wamutu ngati nyundo, anabadwira patsinde pa phiri la mitu iwiri. Kumunsi kwa mudzi wawo kunali dziwe lodekha, ndipo ali mwana ankakonda kuima m'mphepete mwake dzuwa likapendeka, kuyang'ana phirilo litazondoka m'madzimo, utsi wa kwa mayi ake ukutsikira pansi m'malo mokwera. Atakula anakwatira Namzeze, kamkazi kochepa thupi, kachangu, kosadziwa kukhala pansi. Monga mwa mwambo, anasiya phiri lake napita kuchikamwini, kumudzi kwa mkaziyo, kuchigwa kumene chinthu chachitali chinali chulu.

Tsiku lomanga litafika, malume ake a Namzeze, a Khwangwala, anayenda naye kuseri kwa mudzi, naloza ndi ndodo pafupi ndi dzala. Sanamufunse ngati akupakonda. Nantchengwa anangoomba m'manja mwaulemu, namanga pomwepo nyumba imene mudzi wonse unkabwera kudzaiona, ya denga loti amuna akuluakulu ankakwerapo kukayanika fodya osamva kugwedera. Namzeze anaimata mosalala ngati mkati mwa dzira. Anakhala bwino ndithu, osayambana. Koma ndodo ija inamukhala Nantchengwa mumtima. Munda anachita kumulozera. Potema nkhuni anachita kumulozera. Ngakhale pokhala pamaliro, wina ankati, mkamwini, apo.

Kenako kunagwa chilala. Mitsinje inasanduka misewu ya mchenga, mapira anauma asanabereke, mudzi unayamba kuphwasuka banja ndi banja. A Khwangwala analowera kumpoto ndi mbumba yawo. Namzeze anafuna kutsata abale ake, koma mwamuna wake anati wamva kuti kummwera, kutsidya kwa mtsinje waukulu, kuli dziko limene madzi saphwa. Kwa nthawi yoyamba m'banjamo, mawu ake ndiwo anatsatidwa. Iye ananyamula nkhwangwa ndi mtolo wa luzi, mkazi anasenza dengu lake lotutira dothi, nanyamuka.

Za ulendowo Zuze sanandiuze zambiri, koma ine maiko achilendo ndawalowa kangapo, ndikudziwa mmene m'mawa woyamba umakhalira. Zonse zimafanana ndi za kwanu, koma ngati wina wazisuntha pang'ono iwe uli m'tulo. Tambala amayamba kulira ngati wa kwanu, n'kukathera pena. Utsi umanunkhira mtengo umene suudziwa. Moni umamumva kuti ndi moni, koma pomuyankha lilime limapunthwa. Awiriwa anaoloka nkhungu itagona pamadzi, moti sanaone pomwe dziko lawo linathera ndi pomwe linalo linayambira. Nkhunguyo itayera anangopezeka ali pakati pa madambo obiriwira, migwalangwa itaima patalipatali ngati anthu amene akudikira winawake, maiwe ali ponseponse ngati mbale zodzaza madzi zimene zinaiwalidwa panja.

Khomo loyamba limene anafikapo linali la munthu, mayi woumba miphika, dzina lake Nyasope, wonenepa, wamawu aakulu, ana ali piringupiringu pabwalo. Chinenero chake chinali chokhota koma chomveka. Anawapatsa madzi, nawapatsa mbatata, nawafunsa kwawo ndi chimene chinawachotsa. Atawayang'ana bwino awiriwo, wamtali ndi wamfupi, anafunsa Nantchengwa ngati mkaziyo amamuyendetsa pansi kapena amamusunga m'thumba. Namzeze anaseka mpaka kutsamwa. Kenako anaona dongo limene mayiyo ankaumba, analitsina, nalinunkhiza, ndipo awiriwo anayamba kukamba za dothi ngati anakulira limodzi, lakuti limang'aluka, lakuti limafuna mchenga, lakuti limagwira lokha.

"Alamu, musavutike ndi kuyendayenda," anatero Nyasope. "Malo ndi awo." Manja ake anali m'dongo, choncho analoza ndi mlomo, kumapeto kwa bwalo kumene kunali mkuyu. "Chitsime chili pafupi, mwera umatchingidwa ndi nthochizo, moto muzidzapala kwa ine. Ana angawa ndi aphokoso, koma saba."

Malowo anali abwino, ndipo Nantchengwa anaona yekha kuti ndi abwino. Koma mlomo wolozawo utangotuluka, iye anaona ndodo ya a Khwangwala. Anathokoza mwaulemu wonse, nati ayambe waliona kaye dzikolo.

Ali panjira mkazi wake anamufunsa chimene chalakwika ndi pamkuyu paja. Iye anati, "Mayi, moyo wanga wonse ndamanga pondilozera. Kuno kulibe malume a munthu. Ndilekeni ndisankhe ndekha, kamodzi kokha."

Namzeze anamumvetsa, chifukwa dzala lija nayenso ankalidziwa fungo lake. Anavomera. Koma anamuuzanso chinthu chimene anali asanamuuze, kuti m'thupi mwake muli mazira, ndipo mvula yoyamba ikadzagwa ayenera kukhala ali m'nyumba yomata, chifukwa dzira loikira pamsasa limazizidwa. Nantchengwa anakondwa kwambiri, nalonjeza kuti mitambo isanasonkhane adzakhala atafolera.

Vuto ndi lakuti munthu amene sanasankhepo sadziwa poyambira. Wina akafika m'dziko latsopano amayang'ana nthaka, amafunsa kumene madzi amafika chaka cha mvula yambiri, amamvetsera ngati oyandikana nawo amaseka kapena amatukwana. Nantchengwa sanafunse munthu, poopa kuti wofunsidwayo angaloze. Malo amodzi okha ndiwo ankawadziwa kuti anawakonda popanda womuuza, ndipo anali aja a ubwana wake. Choncho anayamba kuyenda dziwe ndi dziwe, akuyang'ana m'madzi.

Tsiku lina dzuwa litapendeka anafika padziwe lina lozingidwa ndi bango. M'madzimo munali phiri la mitu iwiri, lozondoka, lofiirira m'mphepete. Sanadzutse mutu kuti aone kumwamba, kumene kunali mtambo chabe umene unkadutsa. Anaitana mkazi wake nati apeza. Pofuna kuti azidzaliona phirilo ali pakhomo, sanamange pansi, anakwera pamphanda ya mtengo umene unaweramira padziwepo. Anagwira ntchito ngati wogwidwa ndi mzimu. Anatuta timitengo, bango, udzu, zikopa zakale, nsanza zimene anthu anataya, chilichonse chimene maso ake anagwerapo, mpaka denga linakhala lochindikala kuposa lija la kuchikamwini. Namzeze anaponda dothi lake akuimba, nalisenza m'dengu, nafika m'mawa patsinde pa mtengowo. Anapeza mwamuna wake ali m'madzi mpaka m'mawondo, akuyang'ana pansi. M'dziwemo munali thambo lopanda kanthu.

"Taimani kaye, mayi," anatero. "Musamate. Si pano."

Namzeze anakhuthula dothilo pansi.

Nantchengwa anapeza dziwe lina, ndipo phiri linabweranso madzulo ena, nthawi ino ndi kautsi komwe. Anamanganso. M'mawa phiri linali litachoka. Anapezanso lina. Zinkatero, ana inu, mwezi n'kufa, wina n'kukhala. Nyumba zake zinayamba kuoneka m'mitengo ya m'madambomo, zazikulu, zofolera bwino, zopanda utsi. Kadzidzi, amene chibadwire sanagwirepo nkhwangwa, anafika pa yoyamba ija, nasuzumira, naona kuti zipupa ndi zosamata, nalowa ndi banja lake lonse. Atakumana ndi Nantchengwa kudambo anamuyamikira kwambiri chifukwa cha ntchito yabwino, namupempha kuti ikubwerayo adzakulitseko khomo, chifukwa apongozi ake ndi onenepa. Ina munalowa njuchi. Ina njoka inaipeza yofunda.

Dengu la Namzeze, chifukwa chosenza dothi lonyowa n'kumalikhuthula, kusenza n'kumalikhuthula, linaola kunsi mpaka linabooka. Analibe nsungwi zolukira lina, ndipo m'dzikomo sankadziwa kokazipeza. Anayamba kunyamula dothi m'kamwa, pang'onopang'ono. Thupi linamulemera. Masana ena ankapita kwa Nyasope kukakhala pamthunzi, ndipo mayiyo ankamufunsa ngati alamu alipeza dziko lija amalifuna, kapena ayambe kuwaumbira mphika wophikira m'mwamba. Namzeze ankaseka nawo, koma pobwerera ankayang'ana kuthambo. Kunja kunatentha, nyenje zinalira, mitengo inaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, monga imachitira ikamva kuti ili pafupi.

Tsiku limene ndikunenali kunacha kuli zii, kopanda mphepo. Pofika masana mitambo inaunjikana kummawa, yakuda kunsi, yoyera kumutu, ndipo bingu linkamveka patali ngati wina akusuntha mtondo m'nyumba. Nantchengwa anali atangomaliza kufolera nyumba ina, yokongola kuposa zonse. Namzeze anafika ndi dothi m'kamwa, namupeza ataima m'dziwe. Analavulira dothilo patsamba kuti athe kulankhula.

"Bambo, lero ndimata. Mazira afika pakhomo. Mungondiuza kuti apa, ine ndiyambe."

Nantchengwa sanatembenuke. M'madzimo phiri lake linali litaima monga sanalionepo chichokere kwawo, lalitali, lamitu iwiri, mapanga ake akuoneka, ndipo ankaona ngati akazi akutsika ndi mitsuko m'njira ya kuchitsime. Mphezi ikang'anima ankati ndi moto wa kwa mayi ake. Koma mutu umodzi wa phirilo unabisika kuseri kwa bango.

"Tabwerani mudzaone," anatero motsitsa mawu, kuopa kugwedeza madzi. "Latsala pang'ono kukwanira. Dziwe lakumunsi lija lilibe bango, kumeneko lioneka lonse. Taimani kaye, mayi."

Namzeze anamuyang'ana kumsana nthawi yaitali. Sanakalipe, sanalire. Anatola dothi lake patsamba paja, nalibwezera m'kamwa, nauluka.

Anafika kwa Nyasope madontho oyamba akugwa, fumbi likununkhira. Malo a pamkuyu anali chikhalire, koma malo opanda denga ndi bwalo chabe, ndipo iye kuzika nsichi kapena kufolera sankadziwa, sinali ntchito imene anaphunzitsidwa. Nyasope anali kalikiliki kulowetsa miphika yosaotcha. Atamuona mnzakeyo ali chiimire pamvula, dothi lili m'kamwa, anamvetsa zonse osafunsa.

"Mnzanga, denga langali ndi lalikulu, latsalako kukhondeku," anatero. "Mata pansi pake. Dongo ndi ilo mumphikamo, usapite kudambo."

Namzeze anakwera pakona pamene chipupa chimakumana ndi denga, nayamba kumata. Analibe nsichi zoti dothi ligwirepo, choncho ankaika kadontho pamwamba pa kadontho, kudikira kagwire, n'kuikanso kena. Ana a Nyasope anasiya phokoso, naima m'khonde kumuyang'ana. Mvula inakhuthuka, bwalo linasanduka mtsinje, ndipo pamene kunkada kanyumba kanali katatha, kakang'ono ngati chikho, kofunda. Analowamo naikira mazira ake.

Kudambo kuja, dontho loyamba litagwa padziwe, phiri linasweka. Lachiwiri linaliphwanya zidutswazidutswa. Nantchengwa anadikira kuti libwerere, koma madzi onse ankangovina. Ndi pamene anatembenuka kuti alankhule ndi mkazi wake, napeza tsamba lokha, mvula ikulitsuka.

Anamufuna m'nyumba zake zonse. Kadzidzi anamuuza kuti kuno sanafike, ndipo asagogode mwamphamvu ana akugona. M'mawa mwake, dzuwa litatuluka pa dziko lotsukidwa, anafika kwa Nyasope ali chinyowere, nthenga za kumutu zitagona. Mayiyo sanamuseke tsiku limenelo. Anangomuyang'ana, nayang'ana kudenga.

Nantchengwa anaima pansi pa kanyumbako. Kunali kumata kwa mkazi wake, anakuzindikira, kosalala kuja. Anayesa kulowetsa mutu, koma khomo linali laling'ono. Khomo la nyumba ankaliyeza ndi thupi la mwamunayo nthawi zonse, ndipo posowa iye, Namzeze anayeza ndi thupi lake lokha.

Mkaziyo anasuzumira. Sanamukumbutse za dengu kapena za miyezi imene inapita. Anamufunsa ngati wadya. Kenako anati ana akadzaswa kanyumbaka kadzachepa, ndipo dothi la pano ndi labwino, iye mphamvu zomata akadali nazo.

"Mukangomanga denga, ine ndidzamata tsiku lomwelo," anatero. "Apo, pamkuyupo."

Ndipo analoza ndi mlomo. Anazindikira kulakwa kwake mlomowo utatuluka kale.

Nantchengwa anayang'ana mkuyuwo. Unali ndi mphanda yabwino, yotakasuka, yoti denga likhalepo zaka. Anauzungulira, nagogoda thunthu lake ndi nkhwangwa, namva kuti ndi lolimba. Ndiye anabwerera pansi pa kanyumba kaja nati mtengowo ndi wabwino, alibe nawo mawu, ayamba mawa. Koma popeza madzi adekha tsopano, angofika kaye padziwe lakumunsi lija, lopanda bango, akangoona kamodzi kokha.

Namzeze anabweza mutu wake m'kati, nakhalira mazira.

Ndi chifukwa chake mpaka lero, mukapita kudambo, mukapeza nantchengwa ataima yekha m'madzi osaya, mutu uli pansi, osagwedezeka. Anthu amati akusaka achule, ndipo achulewo amadya ndithu, munthu sangakhale ndi njala, koma chimene akuyang'ana si achule. Ndi chifukwa chake amamanga chisa chachikulu choti iwe Ndaziona ungaimepo osachiboola, n'kuchisiya, n'kukamanga china pamtengo wapafupi, akadzidzi n'kumalowa mwaulere. Ndipo namzeze, taonani pamwamba panupa pakona, amamanga ndi dothi lokhalokha, lonyamula m'kamwa, ndipo nthawi zonse pansi pa denga la eni ake, chifukwa lake lomwe akulidikirabe. Anthu samugwetsera kanyumba kake. Anachita kuitanidwa.

Ukufunsa ngati amaonana? Amaonana. Namzeze akapita kudambo kukatenga dothi amamupeza ali pomwepo. Mudzayang'ane bwino madzulo ena, mudzaona akuuluka motsika, n'kukhudza madzi ndi chifuwa, kamodzi, patsogolo pake penipeni. Amafuna chithunzicho chisweke kuti mwina mwamunayo adzutse mutu. Madzi amachita timizere, n'kufalikira mpaka kubango. Nantchengwa amangodikira kuti adekhe.

Imvani, lole ikusintha giya pachitunda. Ndi ya makabichi, imaima pamsewu pang'ono pokha, woyendetsa ndimamudziwa. Chiletso, tandipatsira chikwama changa chili kuseri kwa chitseko, ndi chipewa. Ayi, musawaitane mayi anu, angayambe kundigwira malaya, ndipo mphasa ayala kale, ndaiona. Mudzawauze kuti chakudya chinali chokoma. Mudzawauzenso kuti malo aja amati akandionetse mawa kuti ndimangepo, kuseri kwa mango, ndawaona kale pobwera masana. Ndi abwino, ndilibe nawo mawu. Ndingofika kaye pa Tete.

Chimangacho mumalize. Zitsononkho musataye, mayi anu akolezera moto m'mawa.